Carlton Centre ndinaimvetsa ndili pa masitepe a mu Blantyre

Aphunzitsi atatiuza kuti aliyense alembe mbiri ya nyumba imodzi yosanja ya maofesi, anzanga ambiri anathamangira za ku Dubai. Ine ndinasankha Carlton Centre ya ku Johannesburg, chifukwa amalume, omwe anakhalitsa ku Joni, macheza awo satha asanaitchule.

Ulendo woyamba ndinangounjika manambala. Inatsegulidwa mu 1973, ndi yotalika mamita 223, nsanjika zake 50, mapulani anajambula ndi a kampani ya Skidmore, Owings & Merrill a ku America, ndipo kwa zaka zoposa 40 mu Africa muno munalibe nyumba yoiposa. Aphunzitsi anawerenga mwakachetechete, kenako n'kufunsa, "Nanga anthu ali kuti m'menemu?"

Ndinapsa mtima pang'ono, koma ndinabwerera ku laibulale. Kumeneko ndi komwe nkhani inayamba kukoma. M'zaka za m'ma 1990 makampani anayamba kuthawa pakati pa mzinda wa Johannesburg n'kumakakhala ku Sandton, dera la kumpoto kwa mzindawo. Pofika 1998 hotela ya Carlton, yomwe ili pa malo omwewo a Carlton Centre ndipo kale munkagona anthu otchuka, inali itatsekedwa. Chaka chotsatira Transnet, kampani ya boma la South Africa yoona za njanji ndi madoko, inagula malo onsewo pa R33 miliyoni, mtengo wa bonya tikaona kukula kwake. Mu 2000 nawo msika wa masheya unasamukira ku Sandton komweko. Simenti ndi zitsulo sizinasunthe ngakhale pang'ono, amene anachoka ndi olipira lendi.

Lolemba lapitali ndinayenda wapansi mu Victoria Avenue, maso m'mwamba ngati mlendo wochokera kumudzi. Pa Chayamba ndi pa Delamere House ndinadzipeza ndikuwerenga zikwangwani za pakhomo, osati nsanjika. Kenako ndinalowa m'nyumba ina kukasiya kalata, magetsi atazima, chikepe chili zii. Pa masitepe ndinapeza agogo ena atagwira envulopu, akupumira m'mwamba pa nsanjika yachitatu pomwe ofesi yomwe amafuna ili yachisanu ndi chimodzi.

"Mdzukulu wanga, kwatsala patali?"

Ndinawanyamulira chikwama, tinakwera limodzi mopumira. M'njira ndinakumbukira Elisha Otis, amene mu 1854 anaonetsa anthu ku New York buleki yoletsa chikepe kugwa chingwe chikaduka. Dzina lake ndinali nditalichotsa m'zolemba zanga poganiza kuti n'lotayitsa malo. Usiku womwewo ndinalibwezeretsa pa tsamba loyamba, mamita 223 aja ndinawatsitsira pa tsamba lachitatu.