Mmawa wake ndi umene umandivuta

Ndagwira manaiti ambiri ku emajensi koma pali odwala ena omwe mpaka pano sindinawazolowere. Amafika atanyamulidwa, thovu kukamwa, zovala zikununkha mankhwala ophera tizilombo, gadiyani akungoti "wamwa kanthu anesi, wamwa kanthu" osafuna kutchula chomwe chachitikadi, kuti munthu amafuna kudzipha. Ife timathamanga, kumuvula zovala zija, oxygen, dripu, atropine (mankhwala olimbana ndi poizoniyo) kubaya mobwereza mpaka mchifuwa muume. Mbali imeneyo nde timaitha.

Abale, munthu akamwa zinthu musamusanzitse, musamupatse mkaka, thamangani naye basi ndipo botolo kaya paketi mutenge tidzaone. Olo akuoneka bwinobwino. Mapilisi ena ngati paracetamol munthu amayenda nkumacheza tsiku loyamba, chiwindi chikuwonongeka mkati, pofika tsiku lachitatu zinthu zavuta pomwe mankhwala ake alipo ndipo amagwira bwino akafika msanga.

Koma mmawa wake. Munthu watsitsimuka, wayang'ana kukhoma sakufuna kuphana maso ndi aliyense, achibale azungulira bedi wina "watichititsa manyazi" wina "umafuna utionetse chani iweyo". Ndisaname, nanenso ndinanenapo kuti anthu awa amatitayitsa nthawi pomwe pali odwala enieni. Ndikakumbuka mutu umagwa.

WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, imati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lonse, ndipo pa mmodzi womwalira pamakhala mwina oposa 20 omwe anayesera. Ena mwa amenewo nde amatipeza ife. Amene anayeserapo ndi amenenso ali pachiopsezo chachikulu chobwereza, makamaka miyezi yoyambirira atangotuluka mchipatala, nde tangoganizani timangochotsa dripu, kusaina pepala, "mukapume kunyumba" osafunsa kuti kunyumbako kuli chani, ngongole kaya nkhanza kaya matenda a maganizo, osamulumikiza ndi wa uphungu, osawauza achibale kuti mankhwala otsala akawachotse mnyumba.

Ambiri timaopa kuti tikamufunsa ngati akuganizabe zodzipha timukumbutsa. Sizoona, kufunsa sikumuika munthu maganizowo.

Tsiku lina cha mma 4 koloko mbandakucha kutakhalako bata, ndinakoka mpando nkukhala pafupi ndi mtsikana wina yemwe tinalimbana naye usiku onse. Ndinangoti "achemwali, maganizo aja akadalipo?" Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinaganiza kuti wagona. Kenako anati, "tatsekani kaye katani, amayi asamve."