Chipalapasiro cha nkhuku chinandiphunzitsa mtsempha

Lolemba m'mawa, akulu amene akundiphunzitsa ntchito yophunzitsa anthu masewera olimbitsa thupi anandiimitsa pakhomo pa jimu yathu kuno ku Chitakale, n'kundigwira kumbuyo kwa ntchafu. "Iwe, apa pali minofu ingati?" Ndinakhala chete. Zitsulo ndanyamula zaka zinayi, koma sindinkadziwa kuti kumbuyoko kuli minofu itatu yotchedwa hamstrings, ndipo kutsogolo inayi, ma quadriceps. Anandipatsa chithunzi cha mafupa a munthu wamkulu, onse 206, n'kunena kuti sabata ino ndisauze munthu kuchita chinthu chimene sindingathe kuloza pathupi.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinalimbana ndi msana. Kale ndinkauona ngati ndodo imodzi, chonsecho ndi timafupa tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 pamene pagwira nthiti, 5 m'munsi cha m'chiuno. Tisanu ta m'munsiti ndi timene timasenza thunthu lonse. Ndikamabwera kuntchito ndimadutsa m'minda ya tiyi, ndipo masiku amenewo ndinayamba kuwaona mwina amayi othyola masamba, dengu kumsana, atawerama kuyambira m'mamawa. Madzulo ake pophunzitsa kunyamula chitsulo pansi, ndinauza anyamata kuti apinde mawondo, abweze matako m'mbuyo, chitsulo chiyandikire miyendo, ndipo nthawi ino ndinawafotokozera chifukwa chake.

Koma chimene chinandizunguza kwenikweni ndi mawu akuti mtsempha. Ife timati mtsempha ponena njira ya magazi. Timatinso mtsempha ponena chingwe chomanga mnofu ku fupa, komanso chomanga fupa ku fupa linzake, ngakhalenso uja wonyamula mauthenga kuchokera ku ubongo. Zinthu zinayi zosiyana, dzina limodzi. Ndiye munthu akabwera n'kuti "ndamva mtsempha", umayambira pati?

Lachinayi akuluwo anabwera ndi chipalapasiro cha nkhuku chachiwisi m'kajumbo. Anasenda pang'ono pamwamba, n'kutulutsa kachingwe koyera, konyezimira, kolimba ngati nayiloni. Atakakoka, zala zonse zinafumbata. Tonsefe tinaseweretsapo zimenezi tili ana, amayi akamasosola nkhuku, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinamvetsa kuti mnofu sukankha, umangokoka, ndipo umakoka fupa kudzera m'chingwe chotere. N'chifukwa chake minofu imagwira ntchito iwiriiwiri: wakutsogolo kwa mkono ukapinda chigongono, wakumbuyo ndiye amachiwongola. Ndinadzigwira pamwamba pa chidendene n'kuchipeza chingwe changa, cha Achilles, chikulimba nditangonyang'ama.

Lachisanu anabwera mayi ena achikulire amene amachita nafe masewera ovinavina m'mawa. "Aphunzitsi, mtsempha ukundikoka, tandiwongolani." Mwezi wapitawo ndikanangowagoneka pamphasa n'kuyamba kuwatambasula mwendo. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, ululuwo ukuyambira pati, nanga ukuthera pati?" Analoza m'munsi mwa msana, chala n'kutsika kudutsa pathako, kumbuyo kwa ntchafu mpaka kuphazi, ndipo anati zala zimachita dzanzi. Njira imeneyo ndinali nditaiona pachithunzi: ndi mmene umadutsa mtsempha waukulu wa mauthenga wotchedwa sciatic. Ndinawauza mwaulemu kuti lero apume, ndipo apite kuchipatala akawaone. Sanakondwe, chifukwa anabwera atavala kale nsapato zamasewera, koma ine si dokotala, ndipo dzanzi si chinthu choti mphunzitsi wa masewera aziyeserapo nzeru.

Loweruka tinakwera phiri la Mulanje ndi gulu lathu kuchokera ku Likhubula. Ku Sapitwa, pansonga penipeni pa phirili, pamamita 3,002 paja, sitinalingeko n'komwe. Tinabwerera panjira dzuwa litafika pamutu. Potsika ndinawachenjeza kuti ntchafu zidzawawa mawa kapena mkuja kuposa lero, chifukwa potsetsereka minofu yakutsogolo imagwira mabuleki uku ikutambasuka, ndipo ntchito yotere ndi imene imasiya ululu wochedwa kubwera. Mnyamata wina anatsutsa, amvekere kukwera ndiye kovuta.

Lamulungu madzulo ananditumizira uthenga pa WhatsApp kuti akulephera kukhala pampando osagwira khoma. Ndinamuuza kuti aziyenda pang'onopang'ono, zitha m'masiku ochepa, koma bondo likatupa andiuze msanga. Kenako ndinatsegulanso chithunzi chija, poti sabata yamawa akulu aja akuti tiyamba phewa.