Khoka la pa MCG

Achemwali anga atachira mwana wamwamuna mu May, amayi anagamula kuti popeza miyendo yawo singapirire maola onse aja a m'ndege, ndipite ndine ku Melbourne, ku Australia, ndikawaonere mdzukulu. Ndinanyamuka mu July, kudzera ku Johannesburg ndi Sydney, ndipo ndinakafika mutu uli zwee, usiku ndi usana zitasinthana, pakuti anzathu kumeneko ali patsogolo pathu ndi maola 8. Kuzizira kwake musanene. Ndinatenga juzi limodzi lokha, ati munthu wokulira m'chiperoni saopa kanthu. Mphepo ya kumeneko imakulowa m'mafupa ngati uli nayo ngongole.

Amakhala chakumadzulo kwa mzinda, kufupi ndi Footscray, komwe pamsika umapeza Aitiyopiya mbali iyi, anthu a ku Vietnam mbali inayo. Za mwana ndidzalemba tsiku lina, ndi wonenepa ndipo mphuno watengera malemu bambo. Lero ndi za alamu.

Alamu ndinawadziwa ali munthu wa Bullets wosamva kamodzi, woti timu ikagonja nsima sinkalowa. Ndinawapeza atatembenuka mtima. Kuseri kwa chitseko kwapachikidwa sikafu yofiira, yoyera ndi yabuluu ya Western Bulldogs, timu ya m'deralo, ndipo akati mpira tsopano amanena uja wa ku Australia, womwe eniake amangoti footy. Ali ndi mnzawo woyandikana naye nyumba, mdala wachizungu wopuma pantchito, wa zaka zoposa 70, wochemerera timu ya Essendon chibadwire. Amangoitanana maina, popanda "a" kapena "bambo", zomwe masiku oyamba zinkandilasa m'makutu. Ine ndinkati "madala", iwo n'kumaseka poyesa kuti ndi dzina lomwe ndawapatsa. Loweruka lachiwiri Essendon inali ndi masewero pa bwalo la Melbourne Cricket Ground (MCG), ndipo awiriwa ananditenga.

M'sitima alamu anandiphunzitsa mwachangu. Bwalo ndi lozungulira ngati dzira, kutalika kwake pafupifupi mamita 160. Mbali iliyonse kumakhala osewera 18. Kugolo kuli mapolo anayi, ndipo goloboyi kulibe: ukamenya mpira n'kudutsa pakati pa mapolo awiri aatali ndi mapointi 6, ukadutsa m'mbali ndi pointi imodzi, yomwe amaitcha behind. Mpira suponyedwa ndi manja, umamenyedwa ndi phazi kapena ndi chibakera. Ukawakha mpira womwe wamenyedwa ndi phazi mtunda wa mamita 15 kapena kuposa, usanagwe pansi, imeneyo ndi mark, ndipo adani amakusiya umenye mwaufulu. Malamulo oyamba analembedwa mu 1859. Chomwe alamu anabwereza kawiri ndi chakuti ofusayidi kulibe, aliyense akhoza kuima paliponse pomwe afuna. Ndinangogwedeza mutu, osadziwa kuti ndewu yonse ya tsikulo gwero lake ndi pamenepo.

Tinatsikira pa Flinders Street n'kuyenda pansi m'mbali mwa mtsinje wa Yarra, pakati pa chinamtindi cha anthu: agogo, makanda, atsikana, onse m'masikafu. MCG imalowa anthu pafupifupi 100,000, ndipo masapota a matimu onse awiri amakhala mosakanikirana, popanda waya kapena apolisi pakati. Madala anandigulira pie, kamkate kotentha kokhala ndi nyama yogaya m'kati, n'kundilangiza kuti ndithire tomato sosi pamwamba. Msuzi wake unanditsikira pa juzi lija. Mipando yathu inali pamwamba penipeni, komwe osewera amaoneka ngati nyerere.

Chigawo choyamba mwa zinayi ndinachiona kukamwa kuli yasa. Anyamata amenewa amathamanga, amagundana opanda chodzitetezera chilichonse, ndipo wina amatha kukwera paphewa la mnzake kuti awakhe mpira, oyimbira osanena kanthu. Wina akagwidwa mpira uli m'manja, bwalo lonse limabangula liwu limodzi, "Ball!", kuuza oyimbira kuti amulange.

Chigawo chachiwiri ndiye zinasintha. Wosewera wa Essendon anawakha mpira chapakati, n'kuyang'ana kutsogolo, koma kutsogoloko kunali kutadzaza adani. Pafupifupi timu yonse inali itabwerera kwawo. Anamenyera m'mbali. Mnzake anawakha, nayenso n'kumenyera m'mbali. Wachitatu anabweza kumbuyo. Anthu anayamba kuwowoza, ndipo panadutsa mphindi zambiri popanda chigoli mbali zonse. Madala anadzambatuka, nkhope itafiira.

"Menya kutsogolo! Menya patali, mwana iwe!" Atakhala pansi anatembenukira kwa alamu. "Ukuona? Zonsezi munayambitsa ndinu."

"Ife? Nanga amene akuopa kumenya mpira ndi a Bulldogs?"

Apa m'pomwe ndinamva nkhani ya chaka cha 2000, yomwe ndikuganiza kuti amakangana sabata iliyonse. Chaka chimenecho Essendon, pansi pa mphunzitsi Kevin Sheedy, inapambana masewero 20 otsatizana. Pa masewero a nambala 21 inakumana ndi Bulldogs ya Terry Wallace. Wallace anadziwa kuti akati munthu ndi munthu sangalimbe, choncho anabweza osewera ake ambiri kukaunjikana kumbuyo, kutseka njira zonse. Bulldogs inapambana ndi mapointi 11. Essendon inatengabe chikho chaka chimenecho, ndipo m'masewero onse 25 inagonja kamodzi kokha, tsiku lomwelo. Munthu wina akanaiwala. Madala ayi. Amanena ngati anaberedwa ng'ombe dzulo.

Kaseweredwe kameneka amakatcha flooding, kuyerekeza ndi madzi osefukira omwe amadzaza chigwa. Amene amatchulidwa kawirikawiri kuti anakatchukitsa ndi Rodney Eade, yemwe anakafikitsa Sydney Swans mu ndime yomaliza mu 1996. Chomwe chinandiseketsa n'chakuti mu 2000 alamu anali asanaponde n'komwe ku Australia. Anali ku Ndirande. Koma amaikira kumbuyo Wallace ngati malume awo.

"Mukanakhala inu mphunzitsi, mukanatani? Mukanangopereka khosi kuti anthu asangalale?"

"Ndikanagonja ngati mwamuna," anatero madala.

Pa nthawi yopuma anandigwira mkono, poona kuti alamu ndi wouma mutu, n'kuyamba kundifotokozera mpira womwe iwo anakulira. Kale, akuti, womwetsa zigoli wamkulu ankaima kutsogolo kwa golo ndi munthu mmodzi yekha womutchinga, ndipo masana onse anthu ankaonerera awiriwo akulimbana. Ananditchulira Tony Lockett, yemwe anamwetsa zigoli 1,360, zomwe palibe wazifikira. Ananditchulira ndime yomaliza ya 1989, pomwe Gary Ablett wamkulu anamwetsa zigoli 9 koma Geelong n'kugonjabe kwa Hawthorn, 144 kwa 138. Masiku amenewo munthu kumwetsa zigoli 100 pa chaka sizinali zachilendo. Womaliza kuchita zimenezo ndi Lance Franklin mu 2008, yemwe anathera pa 113. Kuchokera pamenepo, zii. Lero womwetsa zigoli akadumpha amapeza anthu atatu akumudikirira, mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo, wachitatu wongoyendayenda wopanda munthu womulonda.

Alamu anali ndi yankho lawo lokonzeratu, ndipo ndi chaka cha 2005. Mkulu wa AFL (ligi yaikulu ya mpirawu) pa nthawiyo, Andrew Demetriou, anadzudzula poyera kaseweredwe ka Sydney Swans ya Paul Roos kuti n'kosakoma kuonera. Mu September chaka chomwecho Sydney inatenga chikho, itagonjetsa West Coast Eagles 58 kwa 54, patatha zaka 72 timuyo isanachione. Chomaliza inatenga mu 1933, ikadali South Melbourne, isanasamukire ku Sydney. Ndipo chomwe anthu amakumbukira pa masewero amenewo si chigoli, koma Leo Barry, wosewera kumbuyo, akuuluka pakati pa gulu n'kuwakha mpira m'masekondi omaliza.

"Pitani mukawafunse a Swans ngati chikho chija chinali chonyansa," anatero alamu.

Madala anangoti Sydney si tauni ya mpira, n'kutsegula fulasiki yawo ya tiyi.

Ine ndinalowa chigawo chachitatu nditasiya kutsatira mpira. Ndinayamba kuyang'ana omwe analibe mpira, ndipo kukhala pamwamba paja kunandithandiza. Kwa agogo anga ku Nkhotakota ndinkaonerera amuna akukoka khoka, ena chingwe ichi, ena chinacho, ukonde ukubwera pang'onopang'ono, nsomba zili m'kati zisakudziwa kuti malo akuchepa. Ndi zomwe ndinaona pa MCG. Mpira ukapita kumanzere, anthu 18 onse ankasendera kumanzere, aliyense atasiya mpata wofanana ndi mnzake. Ukabwerera kumanja, ukonde wonse unkabwerera. Palibe ankalonda munthu, aliyense ankalonda malo. Alamu anati ameneyu ndi mwana wa flooding, ndipo anamukulitsa ndi Alastair Clarkson, yemwe anatenga naye chikho ndi Hawthorn mu 2008. Kenako Collingwood ya Mick Malthouse mu 2010 inakankhira ukondewo kutsogolo, kuti adani asatuluke n'komwe m'dera lawo. Ndiye kuti kutchinga sikuchitikiranso kumbuyo kokha, kuli ponseponse.

Ndinene zoona, ndinazikonda. Pali kukoma kwina poona anthu ambiri chotere akuganiza ndi mutu umodzi pa bwalo lalikulu ngati munda wa esiteti. Ndipo ukonde ukang'ambika, umang'ambika zenizeni. Mnyamata wina wa Essendon analimba mtima, n'kumenya mpira wotsika kudutsa pakati penipeni pomwe aliyense ankaopa, ndipo m'kanthawi kochepa mpira unali utadutsa anthu onse, wina akuthamangira kugolo yekhayekha. Madala anakuwa mpaka kutsokomola. Ndinafuna kuwauza kuti chigoli chimenechi chakoma chifukwa cha chilala chija, koma ndinaopa kutaya wondigulira pie.

Komabe ndinawamvetsa. Chomwe akulira madala si kuchuluka kwa zigoli kokha. Akulira anthu awiri aja. Kale ukachoka ku mpira unkadziwa kuti uje wamudya uje, ndipo Lolemba kuntchito munali ndi dzina loti mulitame kapena kulinyoza. Ukonde ulibe dzina. Ukagwira nsomba, wagwira ndani? Ndiponso ndikanakhala pansi pafupi ndi mzere, kapena pa wailesi yakanema yomwe imangoonetsa pomwe pali mpira, ndikanangoona chipwirikiti cha anthu 30 akugwerana pa kampira kamodzi.

Akuluakulu a AFL akuoneka kuti ali mbali ya madala, chifukwa akhala akusintha malamulo kuti bwalo litseguke. Hawthorn itadzilowetsera yokha mpira kugolo kwake kambirimbiri mu ndime yomaliza ya 2008, kulolera kupereka pointi imodzi m'malo mwa 6, chaka chotsatira anaika chilango pa mchitidwewo. Mu 2019 anabweretsa lamulo lomwe amalitcha 6-6-6: poyambitsa mpira pakati, timu iliyonse iyenera kukhala ndi anthu 6 kutsogolo, 6 pakati, 6 kumbuyo. Mu 2021 analamula kuti woima kutsogolo kwa munthu yemwe wachita mark aime chilili ngati chipilala, akasuntha timu yake ilangidwa mamita 50. Chaka chomwecho anatsitsa chiwerengero cha kusinthana osewera kufika pa 75 pa masewero, ati anyamata atope, asamathe kuthamangira kumbuyo ndi kutsogolo masana onse. Ndinayesa madala akondwa nazo. Ayi ndithu. Lamulo loima chilili amadana nalo kuposa flooding, akuti munthu wamkulu sangaimitsidwe ngati mwana wolakwa pa asembule. Pamenepa pokha iwo ndi alamu anagwirizana, ndipo anatukwanira limodzi akuluakulu a ligi kwa mphindi zingapo mwachikondi. Ine ndinaona kuti 6-6-6 imagwira ntchito masekondi ochepa chabe. Mpira ukangoyambika, aliyense amathamangira komwe mphunzitsi anamuuza.

Mkangano unayambiranso m'chigawo chomaliza, madala akuti aphunzitsi a masiku ano ndi amantha, amaopa kugonja kuposa momwe amafunira kupambana. Mayi wina yemwe anakhala kumbuyo kwathu, atavala sikafu yakuda ndi yofiira ngati ya madala omwe, anaweramira kutsogolo. Anali atamvetsera masana onse osalankhula.

"Bambo, ife sitinapambane masewero a ndime zomaliza chichokereni 2004. Atati abweze onse 18 kumbuyo n'kutipatsa chikho, ine ndidzavina mpaka kunyumba."

Alamu anaseka mpaka misozi, n'kukumbutsa aliyense yemwe anali pafupi kuti Bulldogs inatenga chikho mu 2016. Madala anayang'ana kutsogolo, n'kunena motsitsa kuti Essendon ili ndi zikho 16, Bulldogs ziwiri.

Sayirini yomaliza italira tinatsika masitepe aja, mawondo anga ali gwa ndi kuzizira. Ana ankamenyerana mipira yawo yofiira pa udzu wa kunja kwa bwalo, mdima utagwa kale ngakhale nthawi inali isanapite. M'sitima awiriwa anabwerera ku 2000. Tinafika kunyumba achemwali akusambitsa mwana, ndipo atafunsa kuti wapambana ndani, aliyense anayankha zake.

Mawa lake m'mawa madala anagogoda, atanyamula kathumba. Munali kachipewa koluka, kakuda ndi kofiira, koti kakwane mutu wa mwana wa miyezi iwiri. Alamu anakalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza mwaulemu wonse wa kwathu. Madala atangotuluka, anakaika pamwamba pa kabati, kuseri kwa masutikesi.