Loweruka Lino Rimoti Sinapume

Lero ndinadzuka kusanache chifukwa zovala za sabata yonse zinali zitaunjikana, ndipo kwathu kuno madzi amatuluka mwamphamvu m'mamawa mokha. Pamene ndinkayanika mayunifolomu, mnyamata wanga wa Sitandade 4 anali atakhala kale pabalaza, atafunda chitenje changa, akuonera makatuni atatsitsa mawu poganiza kuti sindimva. Lamulo la m'nyumba muno aliyense amalidziwa: Loweruka wailesi ya kanema siyatsidwa mpaka pabwalo patasesedwa, mbale za dzulo zitatsukidwa ndiponso aliyense atasamba. Ndinamulanda rimoti n'kumupatsa tsache. Anasesadi, ngakhale kuti kusesa kwake kunali kongolemba mizere padothi maso ali pazenera.

Apongozi anga ali nafe masiku ano. Anachokera ku Ntcheu kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo tawaumiriza kuti akhaleko mpaka atapeza bwino. Atangofika ankanena kuti kanema ndi chinthu cha anthu osowa chochita, ndipo ankakhala chofulatira akuluka mphasa yawo ya m'maganizo, osafuna n'kuyang'anako komwe. Lero ndi iwo amene anandiitana kukhitchini kuti, "Mayi a ana, taonani nthawi, kodi anthu athu aja sanayambe?" Anthu athu amene akunenawo ndi banja la m'sewero lina la ku India la pa Zee World. Chingerezi sachimva, koma palibe chimene chimawadutsa. Amadziwa amene ali wanjiru, amene akunamiziridwa ndiponso amene akufuna chuma cha masiye, ndipo pamene pavuta, mdzukulu wawo wamkulu amawamasulira mwachidule. Chakumasanaku ndinamva akufuula kuti, "Usamwe tiyi ameneyo, mwana iwe, wathiramo mankhwala!" Ndinathamanga ndi chipande m'manja poganiza kuti akunena mmodzi wa ana anga, koma ndinawapeza ataloza chala pagalasi la kanema, nkhope itachita tsinya.

Ineyo maseweroŵa amanditopetsa, chifukwa munthu akangomenyedwa mbama imodzi, amationetsa nkhope ya aliyense m'nyumbamo mmodzimmodzi, ng'oma zikulira, mpaka nthawi ya pulogalamu kutha. Komabe ndikumvetsa chimene chawakoka amayiwa. Nkhani zake ndi za banja lalikulu lokhala pamodzi, za apongozi olamulira khitchini, za ukwati umene akuluakulu amalowererapo, ndipo zonsezi si zachilendo kwa munthu amene wakhala ankhoswe wa mabanja ambiri kumudzi. Chimene sichikuwalowa m'mutu n'chimodzi chokha. Anandifunsa mosaseka kuti, "Kodi anthu amenewa amapita kumunda nthawi yanji? Ndimangowaona atavala ndolo ndi mikanda ngakhale pogona." Ndinalephera kuwayankha, ndipo ndinabwerera kukaona nyemba zanga.

Cha m'ma 3 koloko bambo a ana anafika kuchokera ku tauni ali ndi nkhope ya munthu amene wawerengera kale kuti mpando ndi wake. Loweruka masana ndi nthawi ya mpira wa ku England, ndipo pa nkhani imeneyi iwo sakambirana ndi aliyense. Koma lero pampandopo panali amayi awo. Ndinasangalala kuona mwamuna amene amatilamula tonse ataima pakhomo, akukanda m'mutu, n'kunena mwaulemu kuti, "Amayi, kodi zimenezi zitha posachedwa?" Amayiwo anayankha osatembenuka kuti, "Zikatha ndikuuza." Anadikira ndithu. Atangolandira rimoti ndi kupeza tchanelo chawo, osewera akulowa kumene m'bwalo, magetsi anazima. M'nyumba za aneba munamveka kudandaula kofanana, kenaka bambowo anavala jekete n'kunena kuti akukaona mnzawo, chimene tonse tikudziwa kuti ndi kumalo kuja kumene kuli jenereta.

Otsalafe tinayala mkeka pakhonde n'kuyamba kusenda mtedza woti titendere nkhwani. Mnyamata uja ankangoyendayenda ngati nkhuku yofuna poikira, mpaka agogo ake anamukhazika pansi n'kumuuza kuti bambo ake anakula popanda kanema ndipo sanafe. Iye anaganiza kuti n'chifukwa cha umphawi, choncho ndinamufotokozera kuti nthawi ya Kamuzu Banda dziko lino linalibiretu wailesi ya kanema yakeyake, ndipo Television Malawi inayamba mu 1999, Bakili Muluzi ali mtsogoleri. Anandiyang'ana ngati ndikumuuza nthano. Kwa iye kanema ndi chinthu chimene chakhalapo chiyambire, chokhala ndi matchanelo osawerengeka, pamene ife tinali ndi imodzi yokha ndipo tinkaonera chilichonse chimene yatipatsa, ngakhale nyimbo za kwaya zobwerezabwereza ndi misonkhano ya ndale.

Ndinamuuzanso za nyumba ya aphunzitsi ena m'dera limene ndinakulira, imene inali yokhayo yokhala ndi kanema. Madzulo ana tonse tinkasamba msanga, chifukwa mayi a m'nyumbamo ankayang'ana mapazi pakhomo, ndipo wa mapazi afumbi ankaonera pazenera. Sewero la Tikuferanji likayamba, pabalaza pankakhala anthu mpaka pakhomo, akuluakulu pamipando, ife pansi. Agogo ake analowererapo n'kunena kuti Manganya wa m'sewerolo amamudziwa bwino kuchokera pa wailesi, ndipo mnyamatayo anadabwa kumva kuti munthu amene ankatiseketsa uja, Michael Usi, ndi yemweyo amene anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Tinatchulanso Izeki ndi Jakobo, amene onse awiri anatisiya, ndipo amayi anapukusa mutu n'kunena kuti anthu aja ankatha kudzudzula munthu iye akuseka.

Chimene ndimakumbukira kwambiri pa masiku amenewo ndi mmene akuluakulu ankatilondera. Mwamuna ndi mkazi akangoyandikana pakanema, bambo a m'nyumbamo ankatsokomola, ndipo mwadzidzidzi mwana wina ankatumidwa kukatunga madzi, wina kukatseka khola la nkhuku. Mu 2003, pamene Big Brother Africa inayamba, nkhaniyi inafika mpaka ku Nyumba ya Malamulo, kumene aphungu anagwirizana zoti pulogalamuyo isiye kuonetsedwa pa kanema wa boma ponena kuti ikuwononga chikhalidwe, kenaka Khoti Lalikulu linachotsa chiletsocho. Nthawi imeneyo tinkaona ngati akuluakuluwo akukokomeza. Koma lero ndikuona kuti mkangano wonsewo unkatheka chifukwa dziko lonse linkaonera chinthu chimodzi, pagalasi limodzi, ndipo kholo linkadziwa chimene mwana wake waona chifukwa linali pomwepo.

Tili mkati mokamba zimenezi ndinazindikira kuti mtsikana wanga wamkulu, amene akukonzekera mayeso a Sitandade 8, sanali nafe, ndipo ndi yekhayo m'nyumba muno amene sanadandaule za magetsi. Ndinamupeza kuchipinda atagona chafufumimba, buku la masamu lili lotsegula pambali, foni yanga yakale ili m'manja, zomvera zili m'makutu. Foniyo tinamupatsa kuti azilandirira ntchito za kusukulu pa WhatsApp. Iye anali pa TikTok, chala chikungokankha kanema wina pambuyo pa mnzake. Ndinakhala pabedi n'kumupempha kuti tionere limodzi, ndipo anavomera monyinyirika. Zambiri zinali zopanda vuto: magule a amapiano, achinyamata a kuno kwathu akuchita nthabwala zotsanzira makondakitala a minibasi, mayi wina akuphunzitsa kuluka tsitsi. Koma pakati pa zimenezi panadutsa mtsikana wina wovala mosadzilemekeza akulangiza anzake za mmene angapezere amuna andalama, ndipo mwana wanga anakankha msanga, m'njira yosonyeza kuti aka sikanali koyamba kuona zoterezi.

Sindinakalipe. Ndinamufunsa kuti akuganiza chiyani za malangizo amenewo, ndipo anandiyankha kuti, "Amayi, aliyense amadziwa kuti amangofuna anthu omutsatira." Yankholo linandikhazika mtima pansi pang'ono, koma osati kwenikweni. Tsiku lonse ndakhala ndikulimbana ndi kanema wa pabalaza, kuwerengera mnyamata maola a makatuni, kuseka apongozi ndi anthu awo a ku India, pamene kanemayo ndi amene savuta kumulondera. Amamveka mpaka kukhitchini, aliyense amaponyapo ndemanga, ndipo agogo akaona chosayenera amanena pomwepo kuti, "Zimitsani zamanyazizi." Foni ilibe phokoso, ndipo mwana amene ali nayo amaoneka wofatsa, wosavutitsa, moti kholo lotopa limathokoza kuti m'nyumba muli bata. Ine ndaona kuti kuli bwino tizikanganirana rimoti tonse pamodzi kusiyana n'kuti aliyense akhale phee pakona pake.

Magetsi anayaka nsima ili kale pambaula. Bambo a ana anabwera atakwiya, ndipo sitinafunse zigoli chifukwa nkhope inali itanena kale. Tikudya nsima ya nkhwani wotendera ndi usipa, ndinanena maganizo anga: kuyambira lero foni ya mtsikanayu izigona pabalaza, ndipo akafuna kuonera zake azionera pamene pali anthu. Mtsikanayo anati anzake onse amagona ndi mafoni awo. Bambo ake anandivomereza ndi mawu amphamvu, akunena za ana a masiku ano, dzanja lamanja lili m'mbale, lamanzere likuyendetsa foni yawo pa Facebook kuona zimene anthu akunena za mpira uja. Amayi awo anawayang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Iwenso yako izigona pabalaza pomwepo." Ana anaseka mpaka wamng'onoyo anatsamwa, ndipo tinachita kumupatsa madzi.

Pamene ndikulemba pano mafoni awiri ali pamwamba pa kabati, ya mwana ndi ya bambo ake, ngakhale ndikukayika ngati yachiwiriyo ifike m'mawa ili pomwepo. Ndatsala ndi kusita zovala za kutchalitchi magetsi asanazimenso. Palinso nkhani ya malipiro a matchanelo amene akutha Lachiwiri: bambo akufuna tiwonjezere ndalama kuti mpira wonse uzioneka, ine ndikufuna titsike kuti ndalama yotsalayo ipite ku maphunziro apadera a mtsikanayu mayeso asanafike, ndipo apongozi anena kale kuti chilichonse chimene tisankhe, anthu awo aja asachotsedwe mpaka adziwe amene anathira mankhwala mu tiyi.