Zikomo kwa inu amene munatopa chifukwa cha kafukufuku wathu

Pamene ndikutula pansi udindo wanga pa yunivesite, mtima wanga uli kwa inu amene mayina anu sapezeka m'zolemba zathu za kafukufuku wa momwe thupi limagwirira ntchito pochita masewera olimbitsa thupi.

Munkabwera m'mamawa, n'kuvala chigoba cha mpweya kumaso, n'kuthamanga pa treadmill, makina othamangirapo munthu ali pamalo amodzi, mpaka miyendo kukana. Tinkakubayani chala kuti tiyeze lactate, chinthu chomwe chimachuluka m'magazi minofu ikamagwira ntchito kwambiri, inu osadandaula. Muyeso wa VO2 max (mlingo wapamwamba wa mpweya wa okosijeni womwe thupi lingagwiritse ntchito), womwe katswiri wa sayansi A.V. Hill anayamba kuufotokoza m'zaka za m'ma 1920, umafuna munthu wololera kutopa kotheratu, ndipo inu munalolera. Ena munali achikulire ongochira kumene ku matenda a mtima. Mantha ankaoneka m'maso mwanu, komabe munkapalasa njinga yosayenda ya mu labu, dzanja litagwiritsa chogwirira. Sindidzakuiwalani.

Akatswiri a mu labu, makina oyezera mpweya munkawakonza ife tisanafike. Manambala athu anali odalirika chifukwa cha inu.

Misonkhano ndi nkhani za bajeti zitandichotsa mu labu, ophunzira anga ndi aphunzitsi anzanga munasenza ntchito yonse mosanyinyirika. Ndikuthokozani ndi mtima wonse, Mulungu akudalitseni.