Kamera siona za mumtima

Nkhani yanga yoyamba ya filimu inali ya masamba 14, ndipo ndinailemba miyezi itatu. Mnzanga amene ndinampatsa kuti aiwerenge anaima pa tsamba lachiwiri. Pamenepo ndinali nditalemba kuti, "Mayi akukumbukira mwana wake amene anamwalira, ndipo chisoni chamugwira." Anandifunsa kuti, "Nanga wojambula ajambula chiyani apa?" Ndinasowa chonena. Kukumbukira sikujambulika. Chisoni nachonso sichioneka pokhapokha chitatulukira m'manja, m'maso kapena m'zochita za munthu.

Malamulo a kalembedwe sanandivute. Chochitika chilichonse chimayamba ndi INT. ngati tili m'kati kapena EXT. ngati tili panja, kenako malo, kenako masana kapena usiku. Ukalemba ndi mtundu wa zilembo wotchedwa Courier, pa saizi 12, tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. Zimenezi mlungu umodzi ukwana kuzidziwa. Funso la mnzanga lija ndi limene linandisowetsa tulo.

Yankho ndinakalipeza m'mafilimu akale osalankhula. Abale a Lumière anaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira ku Paris pa 28 Disembala 1895, ndipo The Jazz Singer, imene inatsegula njira ya mafilimu olankhula, inatuluka mu 1927. Zaka zoposa 30 zonsezo anthu ankaseka ndi kulira poonera ochita sewero amene mawu awo sankamveka, kupatula timawu tochepa tolembedwa pakati pa zithunzi. Poyamba mafilimu akalewo ndinkawaonera mokakamizika ngati ntchito ya kusukulu. Lero ndimawaona ngati aphunzitsi anga enieni.

Lev Kuleshov, wopanga mafilimu wa ku Russia, anatenga nkhope imodzi ya mwamuna, yosaonetsa chilichonse, n'kuitsatiza ndi mbale ya supu, kenako ndi bokosi la maliro, kenako ndi mkazi. Akuti oonera anaona njala, chisoni ndi chilakolako pankhope yomweyomweyo. Nditamva zimenezi ndinazindikira kuti woonera ali ndi ntchito yake, ndipo ine ndinkamulanda ntchitoyo pomufotokozera zonse.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mathero a City Lights, filimu ya Charlie Chaplin ya 1931. Mafilimu olankhula anali atafika kale, koma iye sanafune kuti anthu ake alankhule. Mtsikana wogulitsa maluwa, amene tsopano akuona, sakumudziwa munthu wausiwa amene anamuthandiza kupeza ndalama za mankhwala a maso. Akumupatsa duwa ndi ndalama, dzanja lake likukhudza dzanja la munthuyo, ndipo nkhope ikusintha. Wamuzindikira ndi zala, monga ankachitira ali wosaona. Ndabwereza gawo limeneli kambirimbiri, ndipo nthawi zonse misozi imalengeza.

Ndinabwerera ku tsamba lachiwiri lija n'kufufuta chiganizo chonse. Tsopano mayi akukonza tebulo madzulo. Akutenga mbale zinayi monga mwa nthawi zonse, akuika zitatu, ndipo yachinayi yatsala m'manja mwake. Akuima. Mwamuna wake ali pakhomo, waona, koma sakunena kanthu.

Pamene ndakakamira mlungu uno ndi pa mbale yachinayi ija. Akaibweza m'kabati, ndiye kuti wavomereza. Akaiika patebulo, nkhani yonse ikhotera kwina, ndipo masamba 12 otsalawo ndiyenera kuwalembanso.