Madontho 1-4-5-6 satanthauza chimodzi paliponse

Abale ndi alongo kuno ku Joni, makamaka inu amene mumasindikizitsa nyimbo za kwaya kapena mapologalamu a maliro m'zilembo za braille, zimene anthu osaona amawerenga ndi zala, tamvani izi musanapereke ndalama.

Kabokosi ka braille, momwe mumalembedwa chilembo, kali ndi malo 6 a timadontho, 1-2-3 kumanzere, 4-5-6 kumanja, ndipo kamatulutsa mitundu 63 yokha. Zinenero zimangogawana yomweyo. Tengani 1-4-5-6: m'Chingelezi chofupikitsa (momwe kabokosi kamodzi kamatha kuimira zilembo zingapo) ndi th, ndipo kakaima pakokha ndi this, m'Chifalansa ndi ô, m'Chijeremani ndi ch. Pomwe ch wa Chingelezi ndi 1-6, amene Mjeremani amamuwerenga au. Ndiye Akongo amene timapemphera nawo ku Yeoville, ngati anaphunzira braille ya Chifalansa, pepala lathu angaliwerenge mosiyana.

Vuto lenileni lili pa kompyuta. South Africa inavomereza UEB, malamulo olembera braille ya Chingelezi, mu 2004, ndipo wosindikiza akasiya Duxbury, pulogalamu yosandutsa zolemba kukhala braille, pa Chingelezi chofupikitsa, pulogalamuyo imasaka mawu achingelezi m'kati mwa Chichewa chathu. Mawu oti thandizo amasanduka th, kenako and (1-2-3-4-6), kenako izo. Chinthu amadulidwa ch, in, th, u. Wodziwa Chingelezi amaphunthwa n'kupitirira, koma mwana amene wangoyamba kumene amaima njii.

Uzani wosindikizayo alembe Grade 1, chilembo ndi chilembo. Mapepala achuluka, inde, komabe awerengeka. Asindikize kaye tsamba limodzi, munthu wosaona wolankhula Chichewa aliwerenge ndi zala, masamba ena onse atsatire pambuyo.